Pepala Lopanda Nyenyezi Yofiira

Woyeza magazi wina ankadzitama kuti makina ake sanama. Zaka zisanu ndi ziwiri ali m'kachipinda kake kuseri kwa chipatala, lamulo lake linali limodzi: nambala ikadumpha malire, makina ankaikapo nyenyezi yofiira, iye n'kuthamanga nayo kwa dokotala. Popanda nyenyezi, pepala linkadikira m'thireyi ngati anzake.

Lachiwiri m'mawa mng'ono wake anatulukira pawindo, thukuta lili kamukamu. Mkazi wa mng'ono wakeyo, wa pakati pa miyezi isanu ndi inayi, anali atagonekedwa, mimba ikupweteka, magazi akudontha pang'ono.

"Achimwene, magazi a alamu anu abwera kuno. Ndikuopa ine."

Anawayeza yekha, osapatsa wina. Fibrinojeni, imene imagwiritsa magazi kuti aleke kutuluka, inali 2.2. Malire a papepala ankati 2 mpaka 4. Nyenyezi panalibe.

"Mantha ngati nkhuku iwe! Zili bwinobwino. Pita ukagule matewera."

Mng'ono wakeyo anaseka n'kunyamuka. Pepala linalowa m'thireyi.

Masana mzamba wamkulu anabwera yekha, epuloni ili magazi okhaokha. Anavundukula mapepala mpaka kulipeza.

"Mwangokhala nalo chikhalire kuyambira m'mawa?"

"Ndi labwino, mayi. Onani malirewo."

"Malire amenewo ndi a inu ndi ine, bambo! Thupi la mayi woyembekezera limachulukitsa fibrinojeni pokonzekera tsiku lochira. Mwezi uno timayembekezera 4, 5, ngakhale 6. Ikatsika chonchi ndiye kuti ikuthera m'kati, mayiyo akutaya magazi kumene maso sakuona."

Woyeza magazi uja anakumbuka. Zimenezi anaziphunzirapo kusukulu, koma anazisiya komweko chifukwa makina ankamuganizira. Anatulutsa mufiriji timatumba ta madzi a magazi oundana, obwezeretsa fibrinojeni, koma chisanu sichidziwa changu cha munthu. Anaima pamenepo theka la ola, akuyang'ana timatumba tikusungunuka.

Pofika nato kuchipinda cha opaleshoni anapeza anamwino akuvula magolovesi mosafulumira. Wina anali kufunditsa nsalu mayi uja ndi khanda lomwe, mpaka kumutu.

Mng'ono wake anali pabenchi la pakhonde, matewera ali pamiyendo, pulasitiki yake yosang'amba. Atamuona anadzuka, nkhope ili ngwee.

"Achimwene, bola mwabwera. Awa sakundiyankha, akungondidutsa. Tawauzani ndinu kuti zili bwinobwino."