Kumbuyo kwa Mzere

Kampani ina inkaperekera masilinda a okosijeni kwa odwala m'makomo. Munthu ankatumiza uthenga pafoni, kompyuta n'kuuika pamzere, madalaivala n'kumayamba ndi wapamwamba. Woyang'anira kompyutayo anzake ankangomuti Mawaya.

M'mawa wina bwana analowa m'kachipinda kake, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mawaya, makasitomala ena akumatumiza uthenga umodzi kambirimbiri ngati kuno kuli agonthi. Madalaivala akupita kawiri nyumba imodzi. Tathana nazoni, koma osazimitsa makina."

"Sizilira kuzimitsa, bwana. Ndingosintha lamulo makina akuyenda."

Lamulo lake linali lachidule: nambala ikabwereza uthenga, wakale ufufutidwe, watsopano ukaime kumbuyo. Mzere unafupika pomwepo. Bwana anamugwira paphewa.

"Mutu uwu tiziusunga m'fuliji, ungatiwonongekere."

Kenako onse analowa mumsonkhano, mafoni atawasiya m'madirowa monga mwa masiku onse.

Potuluka masana, Mawaya anapeza mlongo wake atamuimbira mpaka kutopa. Mlongoyo ndi amene ankadwazika bambo awo, omwe mapapo anali atawathera.

"Achimwene, kuntchito kwanuko kuli anthu koma? Kasingano ka pasilinda kali pofiira chiyambire m'mawa. Ndatumiza uthenga, kuli zii."

"Watumiza kangati?"

"Mukuti kangati? Sindikuleka! Ndikhale chete ababa akubanika?"

Mawaya anatsegula mzere pakompyuta. Nambala ya mlongo wake inali pansi penipeni. Ali chiyang'anire, inakwera pang'ono, kenako n'kugweranso pansi. Anali atatumizanso. Pambali pake panali manambala ena angapo, nawonso akukwera ndi kugwa.

"Siya kutumiza," anatero. "Chonde, ika foniyo pansi."

Anachotsa lamulolo, nakweza mauthengawo pamwamba. Koma magalimoto onse anali atapita kutali. Anasenza yekha silinda kuchokera mosungira katundu, naikweza m'takisi.

Kunyumba anapeza chitseko chili pululu. M'chipinda cha bambo munkamveka kulira kwa amayi a nyumba yoyandikana. Mlongo wake anali atakhala pansi m'khonde, foni ili pamiyendo. Anayang'ana silindayo, kenako anayang'ana iye.

"Tulani apo, achimwene. Yakulemerani."

Anaiimika pakhoma. Foni ya mlongo wakeyo inalira. Unali uthenga wa kampani, wothokoza chifukwa chodikira modekha.