Tebulo Lodikira Chisanu

Bambo atamwalira, zipangizo zawo za ukalipentala ndinazipempha ine Nurzada, mwana wamkazi amene ndinali ndisanakhomepo msomali n'kuwongoka. Panalibe wolimbirana naye. Achimwene anga a Ulukbek amakonza mafoni, ndipo chinthu chopanda batire amachiona ngati nkhuni.

Tinakazitenga kwathu ku Naryn mu Seputembala n'kubwera nazo mumzinda wa Bishkek, kumene amayi ndi ine timakhala m'nyumba zosanjikizana. Banja lililonse lili ndi kachipinda kake pansi pa nthaka, kosungiramo mbatata ndi mabotolo a jamu. Kathu ndinakasesa, ndinakapaka laimu, ndinakhomamo mashelefu. Mapuleni asanu athabwa analowa, matchizulo okulungidwa m'chikopa cha nkhosa analowa, nyundo ija ya mpini wodyeka pamene pankakhala chala chachikulu cha bambo inalowanso. Linatsala ndi tebulo lopalirapo matabwa. Masitepe linatsika bwinobwino, koma pakhomo pa kachipinda linakula ndi zala zinayi, ndiye tinalisiya m'kanjira.

Ine ndinaphunzira masamu ku yunivesite, ndipo chinthu chikakana sindigona nacho tulo. Kwa milungu iwiri ndinajambula ngodya za tebulo ndi za khomo, ndinaliimika pa pepala, ndinaligoneka, ndinalipendeketsa. Pamapeto pake ndinatsimikiza mosatsutsika kuti silingalowe, zimene khomolo linali litandiuza kale tsiku loyamba.

Poyeza m'pamene ndinaona kuti tebulo lonselo linalibe msomali ngakhale umodzi. Linagwiridwa ndi zikhomo zamtengo zisanu ndi zitatu. Ndinazigogoda zonse mmodzimmodzi, osasuntha.

Apo n'kuti Mayi Zamira, oyang'anira mdadada wathu, atatopa nafe. Anati anthu akufuna kutsitsa matumba a mbatata za nyengo yozizira, ndipo tebulolo likapezeka m'kanjira mwezi ukatha, aitana anthu alidule akalitaye. Achimwene anabwera Lamlungu ndi sowo yamagetsi. Anati miyendo angoidula, mkati aimanganso ndi mabawuti, ntchito ya mphindi khumi.

"A pulofesa, mwawerenga mokwanira," anatero. "Patukani, anthu osaphunzirafe tigwire ntchito."

Ndinali nditatsala pang'ono kupatuka pamene amayi anatsika masitepe, manja ali ufa okhaokha. Sanakalipe. Anangokhala pa tebulopo n'kuwauza achimwene kuti ayambire iwowo kudula. Kenako anandifunsa ngati ndikukumbuka mvula imene inativumba panjira tebulo lili pamtetete mu lole, ndi ngati mphuno yanga ikumva chinyontho cha pansipo. Anati matabwa amwa madzi, afufuma, zikhomo zathina. Analoza paipi yaikulu yodutsa pamwamba pa tebulo, imene imabweretsa madzi otentha ofunditsa nyumba.

"Paipiyi ikatentha, tebulo lidzamasuka lokha. Unkayesa ku Naryn linalowa bwanji m'nyumba? Lasamuka nafe kanayi, ndipo ulendo uliwonse bambo ako ankayamba aliimika pafupi ndi mbaula."

Vuto linali loti mapaipi a mumzinda satentha mpaka kuzizire masiku angapo otsatizana. Amayi anapita kwa Mayi Zamira ndi mbale ya boorsok wotentha, timandasi takwathu, anamwa nawo tiyi mapoto awiri, n'kubwerako atatipezera masiku khumi kuchokera tsiku limene paipi idzatenthe, bola tsikulo lisapitirire pakati pa Novembala.

Chaka chimenecho dzuwa linachita mwano. Mdadada wonse unkayamika nyengo yabwino, amayi okha ndi amene ankaima pawindo m'mawa uliwonse n'kumatukwana mapiri kuti chipale chofewa chikuchedwa. Ine ndinkapaka mafuta matchizulo n'kumagwira paipi ngati chipumi cha wodwala. Pa 4 Novembala kunazizira. Pa 8 paipi inayamba kulira, n'kufunda.

Ndinadikira sabata yathunthu. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinagogoda zikhomo ndi nyundo ya bambo. Zisanu ndi ziwiri zinakana monga kale. Chomaliza, cha kuseri kwa mwendo wakumanzere, chinatuluka ndi kugogoda kumodzi n'kugwa pansi. Thabwa limene chinkagwira linasendera pang'ono, ndipo pamalo amene linabisa panaoneka timizere tiwiri tosema ndi mpeni, pambali pa chikhomo china. Ndinachigogoda, chinatuluka. Pansi pa thabwa lotsatira panali timizere titatu. Chikhomo chilichonse chinkatsekera chinzake, ndipo chilichonse chinkakuuza kopita ukangochichotsa. Bambo sukulu analekera kalasi 7.

Ndinakhala pansi pa simenti nthawi yaitali ndithu, zidutswa za tebulo zili mbwee. Achimwene anatola chikhomo chimodzi, anachitembenuza uku ndi uku, ndipo ananyamula miyendo kulowa nayo m'kachipinda osanena za mabawuti.

Kulimanganso kunanditengera masana onse, chifukwa ndinakana kuthandizidwa. Amayi anabwera kudzaona, analigwedeza ndi manja awiri, silinagwedere. Kenako maso awo anapita pa mashelefu anga opendekeka aja.

"Tebulo lalowa," anatero. "Tsopano tsitsa puleni, uyambe ndi awa. Jamu wanga akutsetsereka."