Kamzera ka pa Felemu

Dzina lenileni la adokotala a ana linkadziwika ndi a muofesi okha. Anthu onse ankangoti a Pensulo, chifukwa kukhutu kwawo sikunkasowa pensulo, ngati kalipentala. Mwana akalowa m'chipinda chawo, asanamufunse n'komwe chomwe chikumupweteka, ankamuimika pa felemu ya chitseko, iwo n'kugwada, n'kumuika dzanja pamutu, n'kulemba kamzera pomwe mutu walekezera. Choyezera msinkhu chinalipo pakona, koma iwo ankati chitsulo sichidziwa kukondwera mwana akakula. Felemu ija inachita kuda bii ndi timizera.

Atamwalira, dera lonse linazizira. Komiti ya chipatala inagwirizana zowalemekeza: kupachika chithunzi chawo, kulemba dzina lawo pamwamba pa khomo, ndi kukongoletsa chipinda chonse kuti alendo akadzabwera pa mwambo asadzaone manyazi. Anthu a komiti ndi otero, chisoni chikawagwira amathamangira kukagula penti.

Make Mapasa sankadziwa kuti nkhaniyi imukhudza. Iye ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi chipatalacho, ndipo dzinali linamukakamira ngakhale kuti mapasawo anatsala mmodzi. Wamkazi anapita ndi chibayo asanayambe sukulu. A Pensulo analimbana nacho mpaka mphamvu zinawathera, koma chinawalaka. Chithunzi chimodzi chokha cha mwanayo chinawonongeka chaka chomwe denga linadontha, ndipo timadiresi take tinapita kwa ana a abale. Chomwe chinatsala pa dziko lino chosonyeza kuti mwana uja anaimapo ndi miyendo yake chinali kamzera ka pa felemu, m'munsi pang'ono mwa loko.

Nchifukwa chake Make Mapasa ankadwala kawirikawiri matenda osaoneka. Ankapita kukayezetsa magazi opanda vuto, podutsa pa khomo lija n'kukhudza kamzerako ndi chala. A Pensulo ankamuona, koma sanamufunsepo. Ankangokweza mutu n'kunena kuti, "Mwabwera kudzationa, mayi? Tilipo tonse."

Tsiku lina mwana wake wotsalayo, yemwe tsopano anali chimunthu chachitali chopenta nyumba za anthu, anadutsira pakhonde paja masana, ovolosi ili mawangamawanga.

"Amayi, mukaone chipinda cha a Pensulo, simukachizindikira," anatero akumwetulira. "Ndinawauza a komiti kuti ntchito imeneyi ndi yanga. Munthu uja anandigwirapo ndi manja ake."

"Wapenta makoma?"

"Makoma, chitseko, zonse. Felemu ija ndiye inandivuta, inali yakuda ngati pansi pa poto. Ndamaliza posachedwapa, ndikukatenga makwerero."

Phazi la Make Mapasa linaima pa makina. Anadzuka nsalu ya mwini wake ikadali pansi pa singano, n'kuyamba kuthamanga, mayi woti anasiya kalekale kuthamanga. Mwanayo anamutsatira akuitana, "Amayi, kwagwanji?"

Fungo la penti linamuchingamira ali pakhonde la chipatala. Mabenchi anali atawaunjika pakona, pansi atayala manyuzipepala. Felemu inali mbee, yonyezimira, yokongola mochititsa mantha. Anayang'ana m'munsi mwa loko. Munalibe kanthu.

"Mlongo wako anali apa," anatero. "Apa. Wamufufuta."

Mwanayo anayang'ana pomwe mayi ake ankaloza. Iye kamzerako sankakadziwa, ndipo akanakadziwa bwanji, mayi ake osamuuzapo? M'nyumba mwawo dzina la mlongo wakeyo linkalambalalidwa ngati dzenje la pamsewu.

"Ndimati ndikuwalemekeza, amayi. Ndikhoza kupala..."

"Ukapala penti, pensulo itsala? Madzi akatayika saoleka, mwanawe."

Mkwiyo unamutha msanga, m'malo mwake munalowa chisoni chenicheni, cholemera, chonga cha tsiku lomwe anataya mwana uja. Anamva ngati mwana wamufera kachiwiri, ulendo uno popanda ngakhale womulirira.

M'chipindamo munali munthu. Mkazi wa a Pensulo, mayi wachikulire wa imvi, ankalongedza m'katoni zinthu za amuna awo: kapu yothyoka chogwirira, tizidole totha maso, jekete yoyera. Anamva zonse. Anatuluka pang'onopang'ono, n'kugwira dzanja la Make Mapasa.

"Ndinu make wa kamtsikana ka chibayo kaja? Bweretsani chala chanu."

"Penti sanaume, mayi," anatero wopentayo.

"Adzauma, bambo. Tasiyani kaye."

Anatsitsa chalacho pa felemu yonyowayo, n'kuchiyendetsa chotsika. M'munsi mwa loko, chala chinagwera m'kamzera kogoba. Make Mapasa anapuma mokoka. Zaka zonsezi ankangokakhudza modutsa, osazindikira kuti n'kogoba.

"Mwana akamwalira, bambo anu aja sankabwera msanga kunyumba," anatero mayiwo. "Ankadikira anthu achoke, n'kutenga kiyi wa chitseko chomwechi, n'kugoba pomwe panali pensulo. Ankati pensulo ndi ya amoyo, poti abweranso adzalembedwe pamwamba. Amene sabweranso amafunika kiyi. Ine ndinkakalipa kuti kiyi akutha mano, chitseko chikuvuta kutsegula. Ndinkakalipa zedi."

Make Mapasa anagwada monga ankagwadira a Pensulo. Penti anali atameza timizera tonse ta ana amoyo, omwe lero ndi madalaivala, aphunzitsi ndi azimayi a ana awo. Koma chala chake chitapitiriza kutsika chinapeza kena kogoba, kenako kena, kenanso. Tinali tambiri, ndipo palibe ndi kamodzi komwe kopitirira m'chiuno mwa munthu wamkulu. Tina tinali pansi kwenikweni, ta ana oti ankachita kuwagwirizira kuti aime. Tsono munthu uja m'mawa uliwonse ankadutsa pakati pa ana amenewa, n'kukakhala pampando, n'kusekerera wotsatira pamzere. Kwa zaka zonsezi Make Mapasa ankayesa kuti amene akumukumbukira mwana wake ndi iye yekha. Apa mpomwe anawalira a Pensulo, kulira komwe sanalire ngakhale tsiku la maliro awo.

"Anthu ankati bambo anu aja anawerama msana ndi ukalamba," anatero mkazi wawo, akubwerera ku katoni yake. "Kaya."

Wopenta uja anasendera ku felemu ija. Anagwada pafupi ndi mayi ake, mawondo pa manyuzipepala, n'kuika chala chake chachikulu pa kamzera kaja. Ngakhale atagwada choncho, kamzerako sikanafike paphewa pake. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Anali wamfupi chonchi, amayi?"

"Iwenso unali pomwepo," anatero Make Mapasa. "Munkalingana. Iwe unapitirira."