Makope a Nkhwazi ya Ulendo

Chivindikiro cha chitini chinakana zala, choncho a Bartholomew anasolola mpeni m'thumba n'kuchikanula. Katundu wina yense wa malemu mkulu wawo, Wenceslaus Nkhoma, anali kale pamphasa kuseri kwa nyumba kudikira kugawidwa: jekete la kutchalitchi, nsapato zodyeka zidendene, lumo, korona, ndi ovolosi yomwe inkanunkhabe mafuta a injini. Maliro anali ataikidwa masiku asanu apitawo. A Bartholomew anawaphonya, chifukwa kuchokera ku Dedza kukafika ku Kafue pa basi ya ku Fort Jameson si ulendo womwe mtembo ungadikire m'dzuwa la Okutobala. Iwo anangopeza kumeta.

Chitini chitatseguka, anabweza mutu. M'katimo munali nthenga zomangidwa ndi ulusi, mamba a nsomba m'kabokosi ka machesi, ndi phazi louma la mbalame, zikhadabo zili chipindikire, pamwendo pali kamphete kachitsulo. Pansi pa zonsezi panali makope a sukulu khumi ndi limodzi.

"Mlamu," anatero a Bartholomew motsitsa mawu, "izi n'chiyani?"

Anastazia, mkazi wa malemuyo, anali atakhala pansi chotambalala, duku lakuda kumutu. Sanadzutse n'komwe maso.

"Ni vinthu va nyoni yao, balamu. Nyoni chabe."

"Mbalame? Munthu wamkulu, Mkhristu wolandira, kusunga phazi la mbalame pansi pa bedi? Kwathu zinthu izi timazidziwa dzina lake. Musandiuze kuti malungo okha angagwetse munthu ngati uja m'masiku anayi."

"Si mankhwala, batate bang'ono." Uyu anali Dora, mwana yekhayo wa m'nyumbamo, mtsikana amene anatsiriza Sitandade 6 ndipo pakamwa pake sipankachedwa. Anagwada pamphasa, natola kope limodzi, n'kuwerenga mawu a bambo ake. "Novembala 3. Yafika m'mawa, yatera pamtengo wouma kumtunda kwa mlatho. Yaonda. Yadziponya m'madzi kanayi, yagwira kamodzi, nsomba yonga chambo. Nkhwazi yakuno yailanda. Yagona ndi njala."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti benze kuiyang'ana chabe. Kulibe china."

Dora sankanama. Wenceslaus anachoka ku Dedza m'chaka cha 1939 n'kudzapeza ntchito yoyang'anira pampu yotungira madzi a sitima m'mbali mwa mtsinje wa Kafue. Ntchito yake yeniyeni inali kumvetsera injini, ndipo injini ikamayenda bwino maso amasowa chochita. Ndi mmene anaionera mbalameyo. Asodzi ankangoitcha nkhwazi, koma iye anaona kuti si nkhwazi yakuno yomwe imalira chaka chonse. Iyi inali yoyera kumimba, yokhala ndi mzere wakuda wodutsa m'diso. Sinkatapa nsomba pamwamba pa madzi, inkadziponya yonse, miyendo patsogolo, n'kutuluka ikudzikutumula, nsomba itailozetsa mutu kutsogolo. Inkabwera mvula ili pafupi, n'kusowa chimanga chikamacha. Anaipatsa dzina loti nkhwazi ya ulendo, ndipo kuyambira 1947 anayamba kulemba tsiku lofika, tsiku lochoka, nsomba zomwe yadya ndi zomwe yalandidwa. Anthu a m'komboni ankamuseka kuti ndi kalaliki wa mbalame. Iye ankaseka nawo, m'mawa mwake n'kupitanso.

"Zonsezi zipse lero," anatero a Bartholomew, akubwezera nthenga m'chitini ndi nsonga ya mpeni. "Palibe amene avale jekete ili zinthu izi zili m'nyumba muno."

Dora anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi envulopu yofiirira chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anafotokoza mofulumira, mawu akupondana. Chaka china mbalame yotereyi inakodwa mu ukonde n'kufa, asodzi anapatsa bambo ake phazilo chifukwa cha kamphete. Pakamphetepo panali malemba ndi keyala. Dora ndiye anawalembera kalata m'Chingerezi, ndipo patapita miyezi isanu yankho linabwera: mbalameyo anaiveka kamphete ili kamwana m'chisa, kudziko lozizira la ku Ulaya lotchedwa Finilandi.

"Onani sitampa, batate bang'ono. Inayenda kuchoka kuja kufika pano na mapiko chabe. Batate banalira tsiku lija."

A Bartholomew sanailandire kalatayo. Anayang'ana sitampayo kwa nthawi, ndipo pamene anayankhula sanatchulenso za mankhwala.

"Analira. Analirira mbalame. Analembera kalata azungu a kumene sanafikeko. Iwe mwana, ukudziwa kuti amayi athu anamwalira pa njala ya 1949 akutchula dzina lake? Ndinakumba manda ndi anthu oti khasu likuwagwa m'manja chifukwa cha njala. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osaponda kwawo! Mbalameyo chaka ndi chaka imabwerera kwawo, iye akuilemba m'kope, koma iye mwini mtchona. Amati boma la Chitaganyali latsegula misewu, ine ndabwera masiku atatu okha. Iye chinam'manga n'chiyani?"

Kutali kusiteshoni sitima ya katundu inkagundanitsa mabogi.

Kunena zoona, mawu otsiriza sanali a a Bartholomew. Anastazia anabadwira ku Kafue konkuno, kwa makolo amene anachoka ku Nyasaland njanji ikumangidwa, ndipo nyumba inali yake. Akanati makope atsale, mlendo sakanalimbana ndi namfedwa pabwalo pake. Dora ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anakwawira kwa mayi ake n'kuwagwira bondo.

"Amai, kambani. Ni manja ya batate aya. Kulibe chinangu chamene banasiya."

Koma Anastazia anali ndi chake mumtima. Zaka khumi ndi chimodzi anapikisana ndi mbalame, ndipo sanapambane. Lamulungu akatuluka Misa, mwamuna ankavula jekete n'kulowera kumtsinje, nshima n'kuzizira m'mbale. Izo akanapirira. Koma tsiku limene mwana wawo wamwamuna anatsirizika ndi chikuku, anthu anakam'funa Wenceslaus kupampu osam'peza. Anakam'peza pamtengo wouma uja, pensulo kukamwa. Anafika mwana atazizira kale. Anastazia sanam'nenepo kanthu, ndipo iye sanapepese, chifukwa onse awiri ankadziwa kuti mawu sakanakwana. Tsopano mwamunayo anali atapita, ndipo mkwiyo uja unatsala wopanda mwini.

Anachotsa dzanja la Dora pabondo pake pang'onopang'ono.

"Shokani, balamu," anatero. "Tenthani vonse. Nalema nayo nyoni iyi."

A Bartholomew anakoleza moto kudzala. Nthenga zinapsa msanga ndi fungo loipa. Makope anavuta, chifukwa mapepala othinana sapsa bwino, ndipo anachita kuwatakasa ndi kamtengo, masamba akutembenuka okha m'malawi, malemba ang'onoang'ono a pensulo akuoneka kanthawi asanade. Dora sanalire mokweza. Anaima potero manja ali kumutu mpaka kope lomaliza litasanduka phulusa, kenako analowa m'nyumba. Masiku awiri otsatira sanayankhule ndi mayi ake, ndipo m'nyumbamo munali zii kuposa tsiku la maliro.

M'mawa wa tsiku lachitatu a Bartholomew anali atamanga kale katundu, atavala jekete la mkulu wawo lomwe linkawathina m'mapewa. Sitima ya ku Lusaka inkanyamuka masana. Ndi pamene pakhomo panafika nkhalamba ina yopanda nsapato, buluku lopindira m'maondo lili lonyowa. Anali Levy Moonga, msodzi wa m'mbali mwa mtsinje. Anagwada patali, naomba m'manja kupepesa maliro, koma ankaoneka kuti ali pachangu.

"Bamai, nabwela na nkhani ya ba Nkhoma. Yafika."

"Chafika n'chani?" anafunsa Anastazia, ngakhale ankadziwa.

"Nyoni yao. Lelo kuseni, zuba ikalibe kutuluka. Pamene banadwala bananiitana, bakuti, Levy, ngati siniuka, ikabwela ukauze Dora alembe, tsiku isasowe. Manje nabwela. Yagwila kale nsomba imodzi, ikulu so." Anaonetsa pamkono pake, natembenukira kwa Dora amene anali ataima pakhomo. "Leta buku, mwana. Ine siniziba kulemba."

Dora anayang'ana mayi ake. Anastazia anayang'ana pansi. Levy anayang'ana nkhope zonse zitatu, kenako maso ake anagwera kudzala, kumene nkhuku zinkapalasa phulusa, ndipo sanafunsenso.

A Bartholomew anatembenukira kwa Levy. "Ili kutali?"

"Pafupi chabe, mudala. Kuseli kwa pampu."

"Ndikaione. Ndione chinthu chimene chinadya m'bale wanga."

Anapita onse anayi, Levy patsogolo, Anastazia pambuyo penipeni, chifukwa m'zaka zonsezo anali asanapondeko njira imeneyo. Anadutsa nyumba ya pampu, momwe munthu wina watsopano anali atakhala kale pampando wa Wenceslaus, n'kutsika m'kanjira ka m'bango. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana koma mvula inali isanagwe, ndipo mtsinje unali wotsika, matope akununkha.

Mbalameyo inali pansonga ya mtengo wouma. Sinali yaikulu monga a Bartholomew ankaganizira. Inali yoonda, nthenga zosokonekera, ikung'amba nsomba pang'onopang'ono ndi kudzutsa mutu kawirikawiri kuopa kulandidwa. Anastazia anaiyang'ana, akufuna kuti adane nayo monga ankachitira isanaoneke, koma chidanicho sichinabwere. Anangomva chisoni, ndi manyazi.

"Basi ndi imeneyi?" anatero a Bartholomew.

"Ni yamene iyi," anayankha Levy. "Benze kuimilila apa." Analoza pansi. M'mphepete mwa bango munali kamalo kolimba ngati pabwalo, pomwe udzu unaleka kumera. "Ikafika, benze kulemba chabe. Koma mu Malichi, ikayamba kudya kwambili kuti iyende, benze kuvula chisote, bakamba nayo. Ise mu bwato tenze kuseka."

"Amati chiyani?"

Levy anakanda pamutu, nayesa kutengera Chichewa cha malemuyo. "Amati, ukamadutsa pa Dedza, utsike pang'ono. Uwauze a Bartholomew kuti ndili moyo. Uwauze kuti ndikubwera chaka chamawa." Anapukusa mutu. "Chaka chilichonse, mau yamene aya. Bartholomew uyo ine sinimuziba."

"Ninabaonetsa pa mapu ya kusukulu kuti siipita ku Dedza," anatero Dora. "Bananiuza kuti nyoni siwelenga mapu."

"Nanga bwanji osangokwera basi?" A Bartholomew anafunsa mtsinje, osati munthu.

Amene anayankha anali Anastazia, ali kumbuyo kwawo. "Kalata yanu ya malilo ya bamai inafika patapita miyezi ibili, balamu. Banamanga katundu katatu. Katatu banamasula. Benze kukamba kuti, nizamuyang'ana bwanji mufana wanga pamenso, anakumba yekha. Chaka chikapita, manyazi yakulilako." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Nenze kuziba. Sininakuuzeni tsiku lija chifukwa nenze na ukali wanga."

Mbalame ija inasiya mutu wa nsomba kugwera m'madzi, n'kuyamba kupukuta mlomo panthambi. Kusiteshoni belu linalira koyamba. Levy anakhosomola.

"Mudala, sitima yanu."

A Bartholomew sanatembenuke. Anasuntha mapazi awiri n'kuima pakamalo kopanda udzu kaja, nsapato zawo zikukwana bwinobwino. Kenako anakweza dzanja, navula chisote, n'kuchigwira pachifuwa.