Mwala Umene a Evenor Anabweretsa

Apongozi anga, bambo Cleofás, anagwira ntchito yomira m'nyanja kutola nkhono zaka makumi awiri. Tsiku lina anavuuka mofulumira kwambiri kuchokera pansi pakuya, thupi silinapirire, miyendo inafa. Chiyambire amakhala pa njinga ya olumala kwathu kuno ku La Ceiba, ndipo nyanja amangoimva fungo.

Ine ntchito yanga ndi yodula magalasi a mawindo, choncho ndinawapangira thanki lagalasi pabalaza. Munali tinsomba titatu, kankhanu kamodzi, ndi korale, chamoyo chija chomera pansi pa nyanja ngati nyanga za gwape. Anamulera kuchokera ku kanthambi kochepa ngati chala, ndipo patatha zaka zinayi anali ndi nthambi khumi ndi imodzi.

Mwezi wa Meyi nsonga imodzi inayera mbee. Patapita masiku awiri, ina. Pofika Lamulungu zinali zisanu.

"Ndi kankhanu kaja," anatero Yadira, mkazi wanga. "Ndakaona ine kakukwera. Ndilekeni ndikaponye mumphika."

"Msuzi wa nkhanu yonga batani? Mwana iwe ufuna kutipha ndi njala," anatero apongozi. "Akamwini, tandikankhani ndifike pafupi."

Anagunditsa mphuno pagalasi nthawi yaitali.

"Nkhanu imatsina apa ndi apo. Nkhono imayambira kunsi n'kusiya kanjira. Koma taonani izi: nsonga yokhayokha, yoyera ngati fupa loyamwidwa. Ndinaziona pansi paja. Ndi nyongolotsi ya moto. Imameza nsonga yonse, n'kuyamwa, n'kubwerera."

"Yalowa bwanji? Madzi a m'zigubu ndimasefa," ndinatero.

Tonse atatu maso anagwera pa mwala umene unali pakona ya thanki.

Anthu omira ali ndi mwambo wawo: akabwera kunyanja yakutali amatengerako kanthu ka pansi kwa mnzawo amene sangathenso kumira. A Evenor, amene ankawagwirira bwato pamwamba iwo ali pansi, anabwera ndi mwalawo m'thumba lonyowa. Ndinanena kuti uyambe wakhala masabata angapo m'madzi akeake tione zotulukamo. Apongozi anati mphatso ya mnzako siikhala m'ndowa ngati chikolopa. Sindinalimbane nawo, ndipo mpaka lero sindinganene kuti analakwa kwenikweni.

Tinadula khosi la botolo, kulitembenuzira mkati, kuikamo kachidutswa ka nsomba n'kulimiza pafupi ndi mwala. Nyongolotsizi zimakonda mdima, choncho tinapachika mabulangete m'mawindo dzuwa lili paliwombo, kuzimitsa nyale ya thanki, n'kukuta tochi ndi pepala lofiira. M'nyumba munatentha ngati muuvuni. Yadira anadandaula kawiri kuti mpunga ukupserera, koma sanadzuke.

Patatha ola, m'bowo lochepa ngati la kiyi munatuluka mutu. Thupi linatsatira, n'kumangotsatirabe. Ndinkati latha, likubwerabe, mpaka linafanana ndi mkono wanga kuyambira pachigongono. M'mbali monse munali timaluwa tofiira tonga malawi, tikutsekuka ndi kutsekeka motsatizana, ndipo pakati pake timiyulu ta ubweya woyera. Chinkayenda osafulumira, ngati chodziwa kuti m'madzimo mulibe angachikhudze. Kansomba kena katayandikira, ubweya wonse unaima nthawi imodzi, chinthu chonse chinayera ngati thonje.

"Mayo ine," ananong'ona Yadira. "Chokongola chonchi n'kukhala mbala?"

"Usachigwire, mwanawe. Chinandibaya padzanja, ndinalira ngati khanda, Evenor akuseka m'bwato," anatero apongozi. Mawu awo kenako anatsika. "Zaka zonse zija ndinkachiona mothamanga, mpweya ukutha. Lero ndiye ndachiona."

Chinalambalala botolo, chinakwera korale, n'kudzutsa mutu pamwamba pa nsonga yachisanu ndi chimodzi. Kamwa linatambasuka ngati sokosi. Ndinatola chopanira, koma apongozi anandigwira mkono. Manja awo akadali a munthu womira.

"Mukachidula, chotsalacho chithawira m'mwala n'kumeranso. Dikirani."

Nthambi inali yawo, ndipo woletsa anali iwo. Ndinadikira. Mutu uja unagwedezeka uku ndi uku, ukununkhiza madzi. Kenako unatembenuka pang'onopang'ono, thupi lonse linatsetsereka n'kulowa m'khosi la botolo mpaka mchira.

Nditalitulutsa, tinachotsa mabulangete. Apongozi anapempha botololo, analiika pamiyendo n'kulipenyetsetsa padzuwa mpaka mpunga unapsereradi.

"Chotsaninso mwalawo, akamwini. Mungakhale ana ake. Evenor ndimuuza ndekha."

Nsonga zoyera tinazidula ndi pulayala, pang'ono kunsi kwa pamene panafa. Korale anaoneka ngati mtengo wosadzidwa, ndipo masiku oyamba apongozi sankafuna kuyang'ana. Sabata yachitatu ili mkati, ndikudula galasi kuseri kwa nyumba, ndinamva akufuula.

"Akamwini! Siyani zimenezo!"

Ndinathamanga, ndikuganiza kuti agwa. Ndinawapeza ataloza chala pagalasi. Pabala limodzi panali pataphimbika ndi kamnofu kabulawuni, kopyapyala ngati khungu la anyezi, ndipo pakati pake kakamwa kochepa ngati mutu wa singano kanali katatambasula timanja take m'madzi, kali kudya.