Masamba Opsa a Eneless

Chiperoni cha chaka chimenecho chinafika Lachiwiri, tsiku lomwe chibayo chinagwetsa Amosi. Mkazi wake Eneless, wothyola tiyi pa esiteti, anamupeza akunjenjemera pamphasa, koma akupapasa malaya kuti apite ku ntchito.

Ntchito yakeyo inkaseketsa anthu. Dona, mkazi wa mzungu mwini esiteti, ankaweta tinsomba khumi ndi tiwiri m'bokosi lagalasi, tonse pamodzi tosakwana ndiwo za mwana. Tinachokera kumaiko otentha, ndiye madzi akazizira tinkafa. Amosi ankayatsa kanyali ka palafini pansi pa bokosilo n'kumayang'anira kagalasi koyezera kutentha, komwe dona anamangapo ulusi wakuda. Mzere wofiira wa m'kagalasiko ukatsika kupitirira ulusiwo, basi maliro. Tsono bwana, ponyamuka ndi mkazi wake kupita ku Limbe, ananena mosapsatira kuti nsomba zikafa, Amosi ndi banja lake achoke pamalo a esiteti. Achoke apite kuti? Makolo awo anachita kuthawa chibalo cha Apwitikizi, ndipo kumene anachokerako kunalibenso wowadziwa.

"Gonani, bambo a Marita," anatero Eneless. "Ndipita ndine."

"Nyumba ya mzungu munalowamo liti inu?"

"Ndilowamo lero."

Atafika anapeza zinthu zitaipa kale. Palafini anali atatha m'nyali, kiyi wa chipinda chosungiramo katundu dona anapita naye. Lackson, khukhi wa panyumbapo, anali chilili ndi ketulo m'manja. Mwa chifundo chake anali atathira madzi otentha m'bokosi, ndipo tinsomba tiwiri tinkayandama mimba zili m'mwamba.

"A Lackson, mukuweta kapena mukuphika?"

"Nanga ndikanatani, mayi? Kapena tiikepo mbaula?"

"Iyayi. Amuna anga amati madzi a nsomba safuna kudzidzimutsa. Makala aswanso galasi."

Mantha Eneless anali nawo ndithu. Kunja nkhungu inali itameza mitengo ya bulugamu, ndipo mzere wofiira uja unali utafika pa ulusi penipeni. Eneless anapisa manja m'khwapa chifukwa cha kuzizira, n'kumadzifunsa kuti ndi chiyani chimafunda popanda moto.

Ndiye anakumbukira dengu lake. Wothyola tiyi aliyense amadziwa kuti ukatsendera masamba m'dengu amatentha okha, mpaka kufiira. Akapitawo anamukalipirapo kangati chifukwa cha masamba opsa! Kutentha kwake n'kofatsa, ngati kwa nkhuku yokhalira mazira.

Anathamangira kumunda kumene akazi anzake ankathyola. Mwezi wa Juni tiyi saphuka kwenikweni, munthu umayenda mizere itatu kuti udzaze mpango. Akaziwo atamva anayamba aseka kaye.

"Tiyi wa mzungu akafunditse nsomba za mzungu? Anzathu mwapenga!"

"Kupenga ndapenga. Koma ndikachotsedwa, amene akuthandizeni kupalira ndani?"

Anatapa aliyense manja awiri atatu, maso ali kwa akapitawo, mpaka madengu awiri anadzaza. Eneless anawatsendera masambawo m'masaka, kupondaponda ndi mapazi, n'kuwaunjika pansi pa bokosi ndi m'mbali monse, kusiya kampata kosuzumirapo. Lackson ankangodandaula za simenti ya dona.

Kwa nthawi yaitali panalibe chochitika. Mzere unatsika pang'ono kupitirira ulusi, tinsomba tinangoti duu pansi. Eneless sanasunthe. Cha kumasana anapisa dzanja m'saka, n'kumva kufunda kuja amakudziwa. Dzuwa lisanapendeke mzere unayamba kukwawa chokwera.

Anachita zimenezo masiku atatu. Masamba akafiira n'kuyamba kuzizira, ankakasaka ena. Akatentha kwambiri, ankamasula saka limodzi kuti lipume. Pakatipo ankathamangira kunyumba kukamwetsa mwamuna wake phala, n'kubwerera mapazi atachita dzanzi ndi mame.

Dona anafika Lachisanu. Fungo la masamba owola linamulandira pakhomo, simenti yonse itadetsedwa ndi madzi ofiira. Anakankha saka ndi nsapato, n'kuwerama kuwerenga nsomba zake ndi chala. Zinali khumi. Anayang'ana kagalasi, anayang'ana masaka, kenako anayang'ana mayi wopanda nsapato amene anaima pakona osagwetsa nkhope.

"Amosi bwera Lolemba," anatero dona m'Chinyanja chake chothyokathyoka.

"Abwera akachira, dona."

Lackson anatsokomola. Dona anagwedeza mutu kuvomera.

Pobwerera Eneless anapatukira kwa mnzake kukapempha mphukira ya nthochi. Amosi, atatsamira khoma padzuwa loyamba la sabata imeneyo, anamuona akukumba dzenje kuseri kwa nyumba.

"Amake Marita, nthochi imatenga chaka chathunthu kuti ibereke."

"Ndikudziwa," anayankha Eneless akukwirira dothi. "Tidzadya tili pompano."