Buluku la Kabatani

Basi yotenga asilikali inali yonyamuka 2 koloko masana, ndipo pamene wotchi yapakhoma inkati 11 koloko, Atelala ndi mwana wawo anali asanalankhulanebe. Zaka ziwiri ndi miyezi inayi, anthuni. Mwanayo akabwera kutchuthi, ankangodutsana pakhonde ngati agalu oti analumanapo.

Mwana ameneyu ankamutcha Kabatani, chifukwa ali wokwawa anameza batani la malaya a kasitomala, banja lonse n'kukhala masiku awiri likudikira kuti lituluke. Atelala ankati adzamusiyira shopu, makina atatu ndi makasitomala onse. Iye anakalembetsa usilikali osatsanzika. Kuyambira tsiku limenelo bambowo anasoka pakamwa, ndipotu iwo akasoka chinthu sichisomoka wamba.

Tsono Kabatani ankamutumiza kudziko lakutali, kumene anthu akhala akuphana zaka zambiri, kuti akasungitse mtendere. Amake mtima unali m'mwamba. Ankamva pawailesi kuti ena opita kumeneko amabwerera m'bokosi. Koma chimene chinkawadya kwambiri n'chakuti mwana angapite osamva liwu la bambo ake, bambowo n'kutsala ndi chisonicho mpaka kumanda. Anali atayesa abusa, anayesa alamu awo, anayesanso kudwala kwabodza, koma amuna awiriwo anangobwera ndi mapiritsi aliyense payekha.

Amake anamupeza mwanayo kuchipinda akukanikiza zovala m'chikwama.

"Ukupita kukayanjanitsa anthu oti ngakhale moni wawo sukumudziwa," anatero. "Uzikawauza chiyani? Kuti kwanu kuli bwino?"

"Amayi, kumeneko tizikangoima pakati. Sitikalankhula."

"Ndiye ntchito yanga imeneyo. Ndaima pakati zaka ziwiri, chipewa cha buluu cha osungitsa mtendere sanandipatse."

Kabatani anaseka pang'ono, koma maso ali pansi. Kushopu, komwe ndi chipinda chakumaso kwa nyumba yomweyo, makina a Atelala ankalira osapuma. Ankasoka makatani oti mwini wake adzawafuna mwezi wamawa.

Pabedi panali buluku latsopano la yunifolomu. Linali lalitali, loti munthu n'kumasesa nalo msewu.

"Ndikapinditsa kukampu," anatero Kabatani.

"Mwana wa telala akapinditse kwa anthu? Bweretsa kuno."

Amake Kabatani anakhala pampando wakukhitchini ndi singano. Kupinda ankakudziwa bwino, zaka makumi atatu akuthandiza amuna awo si zamasewera. Mwendo wakumanja anaupinda mowongoka. Atafika wakumanzere anaima, anayang'ana wotchi, kenako anapinda zala zinayi kupitirira muyeso, n'kusoka mokhotakhota ngati njira ya woledzera. Ulusi anasankha wofiira. Nanga bambowo akangoyang'ana kumbali? Ndiye kuti mwana akaima pamzere pamaso pa akuluakulu ake ndi mwendo umodzi wothawa madzi, mayi ake omubereka atamuchita zimenezo.

Hafu pasiti thwelofu, Kabatani anavala. Anayang'ana kumapazi, n'kuyang'ana amake.

"Amayi, mwatani apa?"

"Maso, mwanawe. Ukalamba. Pita pagalasi lalikulu ukaone, mwina sizikuoneka kwambiri."

Galasi lalikulu m'nyumbamo linali limodzi, ndipo linali kushopu. Kabatani anaima pakhomo kanthawi, kenako analowa monyang'ama. Amake anatsalira kuseri kwa katani, akusuzumira pakampata.

Makina sanaime. Atelala anaweramira nsalu yawo, magalasi ali pamphuno. Kabatani anatembenuka uku ndi uku pagalasipo, sokosi yakumanzere ili poyera. Mphindi inatha, inanso inatha. Amake analuma chala. Anaona maso a amuna awo akutsika, akubwerera pansalu, akutsikanso. Phazi lopalasa makina linayamba kuphonya.

Kabatani anapumira m'mwamba n'kuyamba kutuluka. Atangogwira chitseko, makina anati zii.

Atelala anadzuka. Anakoka kabenchi kamene makasitomala amakwerapo, anakaloza ndi chibwano, n'kutapa mapini kuwaika pakamwa. Kabatani anakwera. Bambowo anagwada, mawondo akulira, nayamba kusomola ulusi wofiira uja ndi kalumo.

Kuseri kwa katani amake anatsala pang'ono kulira. Mapini pakamwa. Munthu ameneyu apinda buluku lonse osatulutsa liwu, ndipo nthawi inali itadutsa 1 koloko. Ankawerenga mapiniwo akamachoka pamilomo: asanu, anayi, atatu. Atelala ankayeza, n'kulemba ndi choko, n'kuyezanso. Awiri. Imodzi. Pini yomaliza inalowa m'nsalu, koma bambowo anatambasulanso dzanja kufuna mbale ya mapini. Mbaleyo inali patali. Kabatani anaiyang'ana, osaisuntha.

"Ukupendekeka," anatero Atelala, mawu ali okhakhala. "Kodi kumeneko sanakuphunzitse kuima?"

"Anatiphunzitsa, ababa."

"Ndiye ima. Anthu asakanene kuti telala wake ndi wosadziwa ntchito."

Kabatani anawongoka ngati mzati. Bambowo anagwira nsaluyo, kuitikita ndi zala.

"Nsalu yabodza iyi. Ikangochapidwa kawiri ifupika. Kumeneko kukutentha?"

"Akuti masana kumatentha, usiku kumazizira kwambiri."

"Ndasiya zala ziwiri m'kati, ukadzaona kuti yafupika ukatambasule. Usakapatse aliyense. Ukandiimbire, ndikuuza pochita."

"Nanga ikapanda kufupika?"

Atelala anavula magalasi, kuwapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya malaya.

"Ukandiimbirebe. Ndidziwe mtundu wa nsalu."

Amake Kabatani anangokhala pansi pomwepo, katani ili m'manja. Kunja kuno anthu akhoza kusayinirana mapepala a mtendere mmene angafunire, iwo chawo chinali chitakwana.

"Inu obisala kumeneko," anaitana Atelala, "ikani simbi pamoto. Ndipo ulusi wofiira uja mwautenga kuti? Ngakhale wakhungu sangalakwitse chonchi."

"Ukalamba, bambo a Kabatani."

"Ukalamba wosankha mwendo."

Buluku analisoka mphindi khumi, mwini wake atakhala pabenchi, atadzifunditsa katani ya kasitomala. Litasitidwa, nthawi inali itawathera. Atelala anakhoma shopu, ananyamula chikwama cha mwana wawo paphewa, ngakhale chinkawapepetula, ndipo njira yonse yopita kokwerera basi ankamudzudzula mayendedwe. Amake ankatsatira pambuyo akumvetsera, mantha a kumene akupita mwanayo ali pomwepo, koma akupemphera kuti basi ichedweko pang'ono, bambowo amalize kulalata.